Kufufuza chiyambi cha tauni ya kwanu: anthu poyamba, nthaka kachiwiri, mapepala pambuyo

Katauni kalikonse m'Malawi muno, kaya ndi Mponela, Luchenza, Ntaja, Lizulu kapena Mtakataka, kali ndi chiyambi choposa chimodzi. Wa sitolo adzakuuzani kuti pano padayamba ndi Amwenye. Kutchalitchi adzawerenga kuyambira tsiku limene amishoni adafika. Amfumu adzayambira pa kholo lawo limene lidagwetsa mtengo woyamba. Palibe amene akunama, koma aliyense wagwira mbali yake. Ntchito yanu ndi kusanja nkhanizi kuti muone amene adapeza mnzake ndani, liti, ndipo chidawakokera pamalopo n'chiyani: madzi, nthaka, chitetezo, msewu, njanji kapena msika.

Ndondomeko yake, yoyambira pa anthu n'kutsirizira pa mapepala, ndimaiumirira kwambiri. Mafayilo akale a boma osungidwa ku Zomba adzakhalapobe chaka chamawa. Agogo a zaka 90 amene akudziwa pamene padali mudzi woyamba, palibe angakulonjezeni kuti mudzawapeza dzinja likubwerali.

Choyamba, chepetsani funso

Musanene kuti mukufufuza mbiri ya Dedza kapena ya Achewa onse. Tengani dera limene mungalizungulire pa njinga tsiku limodzi: msika wanu, midzi youzungulira, mtsinje umene anthu amatungako madzi, ndi phiri ngati lilipo. Gulani kope la chikuto cholimba, ndipo patsamba loyamba jambulani mapu a pamanja. Ikanipo midzi yonse ndi nyakwawa zake, gulupu wake ndi T/A wa deralo. Ikaninso manda onse amene mukuwadziwa. Lembani ndi pensulo, chifukwa mapuwa mudzawakonza kangapo. Foni yojambula mawu ndi yokwanira, bola ikhale ndi moto ndi malo, popeza nkhani yeniyeni imayamba kutuluka mutakhala kale nthawi yaitali.

Chachiwiri, lowerani kwa amfumu

Ngakhale mudabadwira pomwepo, musayambe kuzungulira m'makomo ndi kope amfumu asanadziwe. Dzerani kwa nduna yawo kapena kwa malume anu, mutanyamula kangachepe: shuga, sopo, kapena nkhuku ngati kwanu amatero. Ndiye nenani mawu awa poyera, anthu akumva: "Wawa mfumu, sindinabwere pa nkhani ya malo, sindikulemba mayina a makuponi, ndipo sindinatumidwe ndi boma kapena bungwe. Ndikufuna ana athu adzadziwe kumene tidachokera." Mukapanda kutero, ena adzaganiza kuti kukubwera thandizo n'kuyamba kukuuzani zokusangalatsani, pamene ena adzaganiza kuti mwatumidwa ndi mbali ina pa mlandu wa munda kapena wa ufumu n'kutseka pakamwa.

Amfumu adzakupatsani mbiri yawo, mwina pabwalo, nduna zikuvomereza pambali. Ilandireni ndi manja awiri ndipo ilembeni yonse. Koma dziwani kuti iyi ndi mbiri ya pabwalo, yosungidwa kuti iteteze mpando. Kawirikawiri imati kholo lidapeza thengo lokhalokha. Nthawi zina n'zoona. Nthawi zina lidapeza anthu, ndipo zidzukulu zawo zikadali m'mudzi momwemo, zikudziwika ndi mfunda wina.

Chachitatu, khalani pansi ndi achikulire, mmodzimmodzi

Apa ndi pamene pali ntchito yaikulu, ndipo ambiri amalakwa posankha woyamba kumufunsa. Kumadera a chikamwini, monga kwa Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, mudzi umaima pa akazi. Bambo wachikulire amene mwamupeza pakhonde angathe kukhala mkamwini amene adabwera mu 1968. Amadziwa zambiri, koma za kwawo. Odziwa kuti bele lalikulu ndi liti, laling'ono ndi liti, ndipo mbumba idagawikana pati, ndi amayi achikulire a mbumbayo. Kumadera amene mzere umatsata abambo, monga kwa Angoni a ku Mzimba, Atumbuka ndi Asena, mudzayambira kwa amuna, komabe musamudumphe mtengwa wokalamba. Iye amakumbukira mmene adaupezera mudzi tsiku limene adalowa, nyumba ndi nyumba, zimene eni ake sadazisunge chifukwa chozolowera.

Kupatula amenewa, funani adzukulu okumba manda, anamkungwi, akatekisiti ndi akulu ampingo opuma, ashehe, amene adagwirapo ntchito ku njanji, ndi amene adabwerera kuchokera ku Joni kapena ku Halale. Ngati akadali moyo telala amene ankasoka pakhonde la sitolo ya Mmwenye, musamuphonye. Adakhala zaka zambiri pamalo amodzi akuyang'ana msewu, ndipo adaona sitolo iliyonse ikumangidwa.

Musawaitane pamodzi. Pagulu amalankhula wamkulu yekha, ena n'kumangoti "ndi momwemo". Pitani kwa aliyense payekha. Akakupatsani mpando pamene iwo ali pamphasa, thokozani n'kukhala pamphasa pomwepo. Ngati agogo akutong'ola chimanga, tengani chanu muzitong'ola nawo, foni ili pambali pa lichero. Pemphani chilolezo musanaiyatse, ndipo poyamba tchulani tsiku, mudzi ndi dzina lawo kuti zilowe m'mawu ojambulidwawo. Mafunso akhale afupi, okhudza zinthu zooneka:

"Agogo, mayi anu adabadwira kuti? Nanga mayi awo?"

"Adawaika manda ati?"

"Musanasamukire pano munkatunga kuti madzi?"

"Makolo atafika, malo adapempha kwa yani?"

"Mvula ikavuta, nsembe ankathira ndani, ndipo pa mtengo uti?"

Mafunso awiri omalizawa ndiwo amatsegula zambiri. Wopempha malo adapeza wina. Ndipo amene ankathira nsembe ya mvula nthawi zambiri ndiwo eni nthaka akale, ngakhale ufumu udapita kwa ena. M'mbiri ya Amaravi, ufumu wa Kalonga, mfumu yawo yaikulu, udali m'manja mwa a Phiri, pamene a Banda ankadziwika ndi za nthaka ndi mvula, monga ku kachisi wa ku Msinja kwa Makewana, mayi wotsogolera nsembe za mvula. Zoterezi mungazipezenso m'mudzi wamba: banja lopanda udindo uliwonse lero, koma nkhalamba zimakumbukira kuti kukachisi ankatsogolera ndi agogo awo.

Musawaikire yankho m'kamwa. Mukati "Si paja mudachokera ku Mozambique?" adzavomera mwaulemu, ndipo mwataya umboni. Musafunsenso kuti chidali chaka chanji, chifukwa adzakupekerani chaka kuti musabwerere chimanjamanja. Funsani zimene zinkachitika m'dziko nthawi imeneyo, zaka muziika nokha kunyumba. Sungani kumapeto kwa kope zinthu zodziwika monga izi: nkhondo ya Chiwaya ndi mtengatenga, 1914 mpaka 1918, kuukira kwa John Chilembwe, Januwale 1915, mliri wa fuluwenza, 1918 ndi 1919, mchape womwetsa anthu mankhwala ochotsa ufiti, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, njanji kufika ku Salima, 1935, Napolo wa ku Zomba, Disembala 1946, njala ya 1949, chitaganya, 1953 mpaka 1963, kumangidwa kwa Kamuzu, 3 Malichi 1959, ufulu, 1964, kulowa kwa kwacha ndi tambala m'malo mwa mapaundi, 1971, kuimitsidwa kwa Wenela, 1974. Agogo akati "pa njala ija ndidali nditangotha msinkhu, mudzi uli kutsidya", mwapeza ziwiri pakamodzi: adabadwa cha m'ma 1935, ndipo mudzi udawoloka mtsinje 1949 itadutsa. Tsimikizani chabe kuti akunena njala iti, popeza ya 2002 nayo anthu amangoti "njala ija".

Bwererani kachiwiri kwa amene akuoneka kuti ali nazo zambiri. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ulendo woyamba amakuyezani, ndipo mukachoka amagona akukumbukira mayina amene adawathawa masana.

Pali ziwiri zofunika kusamala nazo. Mabanja ena makolo awo adafika atagwidwa pa nkhondo kapena atagulidwa. Mudzi wonse umadziwa koma sunena. Wina akakunong'onezani zimenezi, zimvetseni chifukwa ndi mbiri yeniyeni ya dziko lathu, koma musadzazilembe ndi mayina. Zidzukulu zawo zimakwatira, zimapita kusukulu, ndipo sizidalakwe kanthu. Chinanso ndi za kudambwe. Ngati simudalowe, musayandikireko. Chimene mukufuna si zinsinsi ayi, koma funso loyankhika pabwalo: mzinda wa mudzi uno, kutanthauza ufulu wochititsa gule ndi chinamwali, adaupereka ndani? Yankho lake limaonetsa mudzi umene udali waukulu pa unzake.

Chachinayi, lembani mzere wa mafumu, koma musauwerenge msanga

Dzina la ufumu amalowana. Amfumu akati "ine ndidachokera ku Kaphirintiwa" kapena "ine ndidathawa Angoni kukwera phiri", sanasokonezeke mutu. Akulankhula m'dzina la onse amene adakhalapo pampandowo. Choncho pa mfumu iliyonse funsani dzina lake la ubwana, mayi ake, ndi chibale chake ndi amene idamulowa m'malo.

Chibalecho n'chofunika chifukwa mafumu asanu sakutanthauza mibadwo isanu. Kwa Achewa ufumu umatha kupita kwa mng'ono wake usanatsikire kwa mwana wa mlongo, kotero mafumu atatu akhoza kukhala a m'badwo umodzi. Werengani mibadwo, uliwonse muuike zaka 25 kapena 30, ndipo chimene mwapeza muchitchule kuti n'choyerekeza. Dziwaninso kuti m'mizere yotere mumasowa anthu. Amene adalamulira nthawi yochepa, amene adachotsedwa, ndi amayi amene adasunga mpando podikira kuti mwana akule, amaiwalika kapena amadumphidwa dala. Mzere womwewo mukaufunsa ku banja lopikisana nalo, mayina ena amatulukira.

Mverani mmene mafumu amaitanirana. Wina akamatcha mnzake malume kapena mphwanga pamene iwo eni si pachibale, akusunga chibale cha oyambitsa midziyo, ndipo mungadziwe mudzi umene udatuluka mwa unzake.

Musasokoneze msinkhu wa ufumu ndi msinkhu wa mudzi. Atsamunda adasanja mafumu mwa njira yawo. Lamulo la 1912 lidakhazikitsa mafumu otchedwa Principal Headman, la 1933 lidabweretsa otchedwa Native Authority, ndipo posankhapo ena akale adatsitsidwa, ena obwera adakwezedwa. M'zaka zaposachedwa midzi yambiri yaphwanyidwanso. Ufumu ungathe kukhala wa zaka 20 pamene anthu ake akhala pamalopo zaka 200.

Chachisanu, yendani ndi mapazi

Zimene mwamva, pitani mukazione ndi mkulu wodziwa malo. Nthawi yabwino ndi Okutobala ndi Novembala, udzu utapsa, minda itagalauzidwa, makamaka mvula yoyamba itangotsuka mizere. Pabwinja lenileni nthaka imaderako ndipo imasakanikirana ndi phulusa. Mukawerama mudzaona mapale m'mbali mwa mzere, ena ali ndi mizere yolembedwa kukamwa kwa mphika, zidutswa za dothi lopsa lokhala ndi zipsera za mitengo ya chipupa, mwinanso mphero yosweka imene mlimi adaiponya m'malire. Mitengo nayo imasimba. Mango akuluakulu ataima pagulu pakati pa munda ndi chizindikiro chakuti padali makomo. Mzere wa nkhadze ungakhale mpanda wakale. Bulugamu wobzalidwa pamzere amaloza ku boma, mishoni kapena esiteti.

Ngati pafupi pali phiri, kwerani. Kuyambira cha m'ma 1860 mpaka m'ma 1890, nthawi ya nkhondo za Angoni ndi ogwira akapolo, anthu ambiri adathawira m'mapiri kapena kumanga malinga, ndipo adatsika bata litabwera. Ichi n'chifukwa chake midzi yambiri ya kuchigwa idamangidwa cha m'ma 1900 pamene eni ake ndi akalekale m'deralo. Funsani ngati pamwamba pali mabwinja, mapanga, kapena ng'anjo zosungunulira chitsulo.

Manda ndiwo umboni wovuta kuusuntha. Mudzi umasamuka, manda amatsala. Pa Google Earth amaoneka ngati tizigawo takuda ta mitengo pakati pa minda yoyera, ndipo mungathe kuwawerenga musanachoke pakhomo. Mukapeza manda opanda mudzi pafupi, funsani kuti ndi a yani. Koma musalowemo nokha kapena popanda chilolezo cha amfumu, ndipo kwa Achewa kumbukirani kuti kumeneko n'kumalo kwa gule.

Chilichonse chimene mwapeza, chijambuleni pomwe chili, mutaika ndalama yachitsulo pambali kuti kukula kwake kuoneke, ndipo lembani malo ake pa mapu a foni. Musakumbe, musatole. Phale likachoka pamalo pake lataya theka la nkhani yake, komanso lamulo limateteza zinthu zakale zotere. Dziwitsani a Department of Museums and Monuments. Akatswiri awo amasiyanitsa mitundu ya mapale, monga Nkope, Kapeni, Mawudzu ndi Nkhudzi, ndipo Nkope ndi wa alimi oyambirira amene adafika kuno zaka zoposa 1,500 zapitazo. Mukaona zojambula zofiira kapena zoyera pathanthwe, musazikhudze kapena kuzithira madzi kuti zioneke bwino. Za ku Chongoni ku Dedza zidalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, ndipo zofiirazo amati n'za Akafula, amene makolo athu adawapeza.

Pomaliza yendani pamsika penipeni. Yang'anani pamwamba pa masitolo akale, chifukwa ena adalembapo chaka pa simenti. Amwenye adalamulidwa kuchoka m'matauni ang'onoang'ono m'zaka za m'ma 1970, choncho funsani amene adagula sitolo iliyonse, ndi amene adalipo poyamba pakati pa Mandala, Kandodo ndi Mmwenye. Msika wa ADMARC, umene dzina lake lidayamba mu 1971, achikulire angaukumbukire ndi dzina lakale la FMB (Farmers Marketing Board).

Chachisanu ndi chimodzi, mabuku a kumishoni ndi kusukulu

Mapepala oyamba kutchula mudzi wanu mwina sali kutali. M'kaundula wa ubatizo ndi wa maukwati amalemba dzina, makolo ndi mudzi, ndipo mudzi ukaonekamo mu 1911 ndiye kuti udalipo kale chaka chimenecho. Dziwani mishoni imene inkayang'anira dera lanu kalelo, chifukwa mabuku akale amakhala kulikulu, osati kutchalitchi cha pafupi. Blantyre idayamba mu 1876, Bandawe 1881, Likoma 1885, Mvera 1889, Nkhoma 1896, Mbombwe ya Chilembwe 1900, Nzama 1901, Mua ndi Malamulo 1902. Ansembe achikatolika ankalemba zochitika za tsiku ndi tsiku, zambiri m'Chifalansa, ndipo a ku Nkhoma ankalemba zina m'chinenero cha kwawo ku South Africa, kotero mungafunike wokumasulirani. Kumzikiti mbiri yambiri ili m'mitu ya ashehe: funsani amene adamanga mzikiti woyamba ndi kumene adaphunzira. Kusukulu ya pulayimale pemphani ahedi akuonetseni logibuku yakale kwambiri ngati chiswe chidaisiya.

Chachisanu ndi chiwiri, ulendo wa ku Zomba ndi ku Mandala

Tsopano muli ndi mayina a mafumu, midzi ndi mitsinje, ndiye mungathe kupita ku National Archives of Malawi ku Zomba, malo osungira zolemba zakale za boma amene adatsegulidwa mu 1947. Opita kumeneko opanda mayina amangotembenuza mapepala tsiku lonse. Funsiranitu za chilolezo, ndalama zolipira ndi malamulo a kujambula, ndipo tengani chitupa.

Choyamba kupempha ndi District Notebook ya boma lanu. Awa ndi mabuku amene ma DC ankalembamo mayina a mafumu, midzi yawo, msonkho ndi mbiri imene adauzidwa. Kenako malipoti a pachaka a bomalo, mafayilo a milandu ya ufumu ndi malire, ndi Gazette, nyuzipepala ya zilengezo za boma, imene idayamba kutuluka mu 1894. Musadabwe mukapeza zochepa za zaka zoyambirira, chifukwa moto udatentha ofesi yaikulu ya boma ku Zomba mu 1919 n'kuwononga zolemba zambiri.

Fufuzani ndi mayina a nthawi imeneyo. Mangochi ili pansi pa Fort Johnston kapena South Nyasa, Nsanje ndi Port Herald, Mchinji ndi Fort Manning, Chitipa ndi Fort Hill. Nkhotakota ankalemba Kota Kota ndipo idali m'boma la Marimba. Dedza, Lilongwe ndi Dowa zidakhalapo pansi pa Central Angoniland, Mzimba ankati Mombera. Thyolo ndi Cholo, Mulanje ndi Mlanje, Ntcheu ndi Ncheu. Mayina a mafumu nawo ankalembedwa mmene khutu la mzungu lidamvera, choncho yesani kalembedwe kosiyanasiyana.

Ngati kwanu ndi kumapiri a Shire, monga Thyolo, Mulanje, Chiradzulu kapena Zomba, funsani za Certificate of Claim, zikalata zimene boma la Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda, lidapereka kwa azungu otenga malo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890. Midzi yambiri ya Alomwe idamangidwa pa maesiteti amenewa, anthu atachoka ku Mozambique n'kulandira malo posinthana ndi thangata. Ngati kwanu kuli siteshoni, chaka cha njanji n'chofunika: Port Herald mpaka Blantyre 1908, Blantyre mpaka Salima 1935, Nkaya kulowera ku Nacala 1970, Salima mpaka Lilongwe 1979. Ngati muli m'mphepete mwa nkhalango yotetezedwa, fufuzani za kusamutsidwa, monga ku Kasungu kumene anthu adachotsedwa m'dera la nkhalango chifukwa cha kaodzera cha m'ma 1920.

Ku Blantyre, pamwamba pa nyumba ya Mandala, imene idamangidwa mu 1882, pali laibulale ya Society of Malawi yokhala ndi mabuku, zithunzi ndi mapu akale. Ku University of Malawi ku Zomba kuli mapepala amene ophunzira a mbiri adalemba atafunsa nkhalamba za kwawo m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Amenewa ndimawalemekeza kwambiri, chifukwa anthu amene adafunsidwawo ena adabadwa azungu asanakhazikitse boma mu 1891. Ku Department of Surveys gulani mapu a 1:50,000 a dera lanu, muyerekeze midzi imene ilipo ndi ya pa mapu anu a pensulo. Malipoti a kalembera, monga wa 1945, 1966 ndi 1977, adzakuonetsani mmene anthu adachulukira.

Pepala musalipembedze. DC sankadziwa chinenero bwino, ankadalira womasulira, ankafunsa mfumu imene boma lake lidaikonda, ndipo chimene ankafuna kwenikweni ndi msonkho. District Notebook ndi mbiri ya pakamwa yomweyo, yongolembedwa kale. Ubwino wake ndi wakuti ili ndi chaka, ndipo imakuonetsani zimene anthu ankanena mikangano ya lero isanabadwe.

Chachisanu ndi chitatu, sanjani zimene mwapeza

Tengani pepala lalikulu. Mfundo iliyonse muilembe ndi gwero lake: adanena ndani, wa banja liti, kapena ili m'fayilo iti. Nkhani imene mabanja awiri osagwirizana akuivomereza ndi yolimba. Imene ikugwirizananso ndi manda kapena kaundula ndi yolimba koposa. Imene yangotuluka pakamwa pamodzi, ndipo ikukomera wonenayo, muilembe kuti "malinga ndi banja lakuti". Chenjeraninso ndi mbiri yobwerera. Mkulu akafotokoza bwinobwino ulendo wa makolo wochokera ku Uluba, ku Congo, mwa dongosolo la m'kalasi, mufunseni mwaulemu ngati adazimva kwa agogo ake, kusukulu kapena pa wailesi. Tanthauzo la dzina la malo nalo lilembeni monga mwauzidwa, koma musamangepo chaka, chifukwa nthano zambiri zotere zidapekedwa dzinalo lilipo kale.

Mtakataka, kunsi kwa mapiri a Dedza, ndi chitsanzo chabwino cha mmene zigawo zimasanjikizana. Pafupi pake, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipulu, pali Mankhamba, likulu la a Kalonga. Katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi atakumba pamenepo adapeza mikanda yagalasi, mkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale za ku China, umboni wakuti padali mudzi waukulu wa malonda zaka mazana angapo atsamunda asanafike. M'zaka za m'ma 1890 Angoni a Kachindamoto adatsikira kuderali atamenyana ndi Gomani, ndipo ufumu wa lero udachokera pamenepo. Mu 1902 ansembe achikatolika a White Fathers adamanga mishoni ku Mua. Mu 1935 njanji ya ku Salima idadutsa, ndipo siteshoni idakoka ogulitsa ndi ogula. Amene wangofunsa kwa mfumu yaikulu adzayambira m'ma 1890. Amene wangowerenga za kumishoni adzayambira mu 1902. Onse awiri adzasiya kunja zaka mazana ambiri za Amaravi, ndipo ngakhale Amaraviwo adapeza anthu. Kwanunso yembekezerani zigawo zotere, ngakhale zitakhala zosatchuka chonchi. Polemba, siyanitsani mafunso atatu: anthu oyamba odziwika pamalopo, chiyambi cha ufumu umene ulipo, ndi chiyambi cha msika kapena tauni.

Chachisanu ndi chinayi, lembani ndipo bwezani kwa eni ake

Lembani m'chinenero chimene agogo aja angamve. Pamene nkhani zikutsutsana, ikani zonse ziwiri moyandikana, osaweruza ngati mulibe umboni wachitatu. Musanasindikize kapena kuika pa Facebook, pitani mukawawerengere amene mudawafunsa, aliyense gawo lake. Adzakonza mayina, adzawonjezera, ndipo ena adzapempha kuti chakuti muchichotse. Chotsani.

Tsiku lina wina adzabwera kudzapempha kope lanu kuti akaligwiritse ntchito pa mlandu wa malo kapena wa ufumu. Mudalonjeza pabwalo kuti simudadzere zimenezo, ndipo agogo adalankhula momasuka chifukwa cha lonjezolo. Mukanizeni, ndipo mulozereni ku Zomba kumene iye mwini angakapemphe kuona mafayilo.

Mawu ojambulidwa musawasiye m'foni mokha. Akopereni pa kompyuta ndi pa memori khadi, wina muutumize kwa mbale wodalirika, ndipo fayilo iliyonse ikhale ndi dzina la wolankhula, mudzi ndi tsiku. Zolembazo zisindikizeni makope angapo: la amfumu, la kusukulu ya pulayimale, la kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi lina mukapereke ku National Archives. Banja lililonse limene lidakulandirani mulipatse mawu a agogo awo, pamodzi ndi chithunzi chimene mudawajambula, chotsukidwa pa pepala.